Televizau ya mu Ofesi Inapha Munthu Wamoyo

Aphungu,

Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba ndi la televizau. Lachiwiri ndi limene landiletsa kudya kuyambira Lolemba, koma simungalimve bwino musanamve loyambalo.

Ndine mlembi wa kabungwe ka anthu amene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Tili ndi kachipinda kamodzi kuno ku Insaca, kuseri kwa msika. Muli tebulo, benchi, ndi komputadori imene azungu ena anatisiyira atatopa nafe. Anasankha ine kukhala mlembi chifukwa ndinafika Fomu 4 tili ku Malawi, komanso Chipwitikizi ndimawerenga osatsata mzere ndi chala. Pa zaka khumi ndi ziwiri za mtenderezi tathandiza anthu pa za minda, zitupa ndi mbewu. Koma ntchito imene anthu amatidziwira ndi ya mayina: amene anasowa pothawa, amene anatsala m'njira, amene mpaka lero sitidziwa ngati tiziwatchula kuti malemu kapena ayi.

Mwezi wa Malichi jeradori yotipatsa magetsi inakwera mphamvu mwadzidzidzi, monitori yathu, galasi la komputadori, n'kutulutsa utsi. A Augusto, apulezidenti a bungwe lathu, anabweretsa televizau ya kunyumba kwawo pa njinga, atayikulunga bulangete ngati wodwala. Mmisiri wokonza mawailesi pa msika anadula nthambo ziwiri, kuzilumikiza ndi tepi yakuda, mbali ina n'kulowetsa ku komputadori, ina ku televizau. Zinthu zinaoneka. Tinaomba m'manja.

Kuoneka kwake kunali kotere. Zilembo zinali ndi ubweya. Chithunzi chinkaphethira, moti pofika masana maso ankandiwawa. M'mphepete monse munali modyeka, kotero kuti kabatani koyambira ka pansi kumanzere ndinkakapeza mongopapasa. Ndipo zonse zinali zakuda ndi zoyera basi. Za mitunduzo palibe amene anadandaula. Ambiri a ife kanema woyamba tinamuonera ku msasa wa othawa kwawo, wopanda mitundu, ndipo pepala la boma lokhala ndi mitundu sitinalionepo. A Augusto anati zikuoneka zaulemu choncho, za ofesi yeniyeni, osati ngati filimu ya karate.

Mu Meyi kunabwera galimoto ya bungwe lina lofufuza anthu amene anasowa nthawi ya nkhondo. Dalaivala anandipatsa disikete kudzera pa zenera, injini ikulira, n'kunena kuti: “Mayina alimo 63. Amene apakidwa zofiira ndiye kuti atsimikiza kuti anamwalira.” Ananyamuka.

Ndinatsegula. Mayina khumi ndi limodzi anali ataphimbidwa ndi mzere wotuwa. Ndinati zofiira zija ndi zimenezi. Ndinatsika mpaka nambala 63, imene inali pa mzere womaliza weniweni, pansi pa galasi. Dalaivala anati 63, ine ndaona 63, ndinalekera pomwepo.

Nambala 40, imodzi mwa zophimbidwazo, inali ya Che Bakari, msodzi wa ku Amaramba. Mkazi wawo, Che Rukiya, palibe mu ofesi yathu amene sawadziwa. Anasiyana mu 1988 pa doko. Iwo anakwera bwato loyamba ndi khanda kumbuyo, amuna awo anati abwera ndi bwato lachiwiri. Bwato lachiwirilo palibe analiona. Kuyambira pamene tinatsegula ofesi, chaka chilichonse Che Rukiya ankabwera kamodzi, atanyamula kamtolo ka nsomba zouma, kudzafunsa funso lomwe lomwelo. Ine ndinkalandira nsombazo n'kuyankha yankho lomwe lomwelo.

Kuno uthenga wa maliro sautumiza pa kapepala. Ndinachita zonse monga mwa dongosolo, ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chimenechi. Ndinavala jekete, ndinapalasa njinga mpaka ku Amaramba, ndinatenga a shehe a kumeneko, tinayamba tafika kwa malume awo a Che Rukiya, Che Adamu. Nditavula chipewa n'kufotokoza, Che Adamu anandifunsa kuti, “Mwaona ndi maso anu?” Ndinayankha kuti, “Ndaona pa komputadori.” Sanafunsenso. Munthu akanati wamva pa msika, akanamupanikiza mafunso mpaka madzulo. Koma komputadori ndani angaifunse?

Che Rukiya anakana kulira asanaone okha. M'mawa mwake anafika ku Insaca. A Augusto anatembenuza televizau kuti iyang'ane ku benchi, poti kwathu kuno televizau siifulatira mlendo. Mayiwo sadziwa kuwerenga, choncho ndinawalozera dzinalo ndi cholembera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa, akuloza mzere wotuwa uja, kuti, “Chawaphimbachi ndiye nsanda yawo?”

Aphungu, ndinati eya.

Anakhudza galasi ndi chala, linawathetheka pang'ono monga zimachitira televizau, anabweza dzanja. Anathokoza a Augusto, anathokoza ine, n'kutuluka. Anayamba kulira atafika pa mtengo wa mango wa kuseri kwa msika.

Anachita sadaka, anapha mbuzi, ine ndinadya nawo. Che Rukiya anakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi monga chipembedzo chawo chimanenera kwa mkazi wamasiye. Mayiwo atatuluka, Che Bashiru anatumiza anthu kwa Che Adamu kukafunsira ukwati. Che Bashiruwa ndi bambo wosoka maukonde, akazi awo anamwalira kale, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuwafolera denga Che Rukiya mvula isanayambe osanena kalikonse. Mudzi wonse unkaona, mudzi wonse unkakhala chete. Ukwati ndi Lachisanu la sabata yamawa. Ine andiitana, ndipo andilonjeza mkeka wakutsogolo, akuti poti ndine amene ndinamasula nkhaniyi.

Lolemba lapitali ndinapita ku Cuamba kukasindikiza mayina aja kuti tiwamate pa chitseko, poti ife tilibe makina osindikizira. Mayi wa pa shopu yosindikiza, dzina lake Safiya, analowetsa disikete mu komputadori yake. Pa galasi lake panatuluka zinthu zimene ine sindinazionepo. Mayina asanu ndi awiri anali ofiira. Anayi anali obiriwira. Iye, osadziwa kanthu, anangofunsa kuti, “Nanga obiriwirawa ndi ati?” Anatsitsa mzere umodzi wokha kupitirira nambala 63, pamalo pamene televizau yathu imadya, ndipo panali mawu ang'onoang'ono. Ofiira: anamwalira. Obiriwira: apezeka ali moyo, onani tsamba lachiwiri.

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuli tsamba lachiwiri.

Nambala 40 inali yobiriwira ngati tsamba la chinangwa. Pa tsamba lachiwirilo analemba kuti anthu a bungwelo anakumana ndi Bakari wa ku Amaramba mu Febuluwale chaka chino, akugwira ntchito pa esiteti ina ya fodya m'boma la Kasungu ku Malawi. Basi, palibe china.

Ndinapezeka ndakhala pansi pa simenti. Safiya anandipatsa madzi, n'kundifunsa ngati ndili ndi matenda a shuga. Pobwerera mu shapa, kaminibasi kathu ka kuno, ndinawerenga pepalalo kasanu ndi kawiri, ngati kuti lisintha. Mwa mayina khumi ndi limodzi aja, mabanja amene ndinawapeza n'kuwauza za maliro ndi asanu. Anayi anali ofiiradi. Mmodzi yekha ndiye ndinamupha ndi pakamwa panga.

Ndauza a Augusto okha. Anatseka chitseko. Akuti tikaulula, palibe adzakhulupirirenso pepala lochokera mu ofesi yathu, ngakhale la minda. Akuti mayi uja wapeza mtendere patatha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ife tisamulande. Ananenanso mawu awa, amene sakuchoka m'mutu mwanga: “Mwamuna amene wakhala zaka zonsezi osalemba ngakhale kalata imodzi, zofiira zimamuyenera.” Pomaliza anati mwina yonama ndi komputadori ya ku Cuamba, choncho tiyambe takonza televizau yathu, tione mitunduyo ndi maso athu kuno, ndiye tikambirane. Mmisiri wa mawailesi uja anapita ku maliro ku Chiuta, sakudziwika tsiku lobwera.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Televizau imeneyi ndingaikonze bwanji kuti ionetse mitundu ndi kuleka kudya m'mphepete? Ndipo ikadzaonetsa zobiriwira, monga ndikudziwira kuti idzatero, ine nditani?

V.D.
Insaca, Mecanhelas

A V.D.,

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira, pofika pakati ndinafuna mpando. Sindinadikire tsiku lotuluka nyuzipepala. Yankho ili ndinakutumizirani tsiku lomwelo, ndipo pano ndalisindikiza, nditasintha mayina, chifukwa si inu nokha amene mwaika televizau pa tebulo la ofesi.

Mafunso anu mwawasanja chozondoka, ndipo mukudziwa. Funso la televizau mwaliika patsogolo chifukwa ndi limene lili ndi mabatani. A Augusto nawonso sakukayika komputadori ya ku Cuamba. Akufuna kuti nthambo ichedwe mpaka Lachisanu lidutse. Ndiyamba ndi funso lachiwiri.

Mawa m'mawa imbirani bungwe limene linatumiza disikete. Musalankhule ndi dalaivala. Funani munthu amene analemba tsamba lachiwiri, kapena amene anamuona Bakariyo. Funsani dzina la mayi ake, mudzi umene anatchula, msinkhu wake, ngati anatchula mkazi ndi mwana. A Bakari a m'mbali mwa nyanja ndi ambiri, ndipo munthu amene walakwitsa kamodzi pokhulupirira mtundu wa mzere asalakwitsenso pokhulupirira mtundu wina. Koma foni ikakanika, kapena akakuuzani kuti muimbenso sabata yamawa, musadikire. Zimene mukudziwa kale n'zokwanira kuimitsa ukwati, ngakhale sizokwanira kuuthetsa.

Pitani ku Amaramba pasanathe masiku awiri. Tengani a shehe omwe aja, muwauze zonse muli pa njira, ndipo mufikire kwa Che Adamu monga munachitira poyamba. Koma musachoke m'mudzimo Che Rukiya asanamve kuchokera pakamwa panu, tsiku lomwelo, m'nyumba, pali mayi mmodzi amene iwo amamukhulupirira. Akuluakulu akhoza kufuna kuyamba akambirana okha masiku angapo. Kanani mwaulemu. Mayi ameneyu anayenda kuchokera ku nyanja kudzaona mzere wotuwa ndi maso ake. Si munthu woti nkhani ya mwamuna wake aimvere ku chitsime. Che Bashiru nawonso amve dzuwa lisanalowe, kuchokera kwa a shehe, asanaimve kwa anzawo pa doko. Sanalakwire aliyense.

Nyamulani pepala la ku Cuamba, koma muyambe mwaliyang'ana. Ngati Safiya anasindikiza ndi inki yakuda yokha, pepalalo linama bodza lomwe lija la televizau, chifukwa zofiira ndi zobiriwira zikachotsedwa mtundu zimatuwa mofanana. Likhale la mitundu. Che Rukiya sawerenga zilembo, koma zobiriwira amazidziwa.

Nenani zokhazo zimene mukudziwa: kuti munalakwitsa, kuti pepala likuti anaonedwa ali moyo mu Febuluwale ku Kasungu, ndi kuti china simukudziwa. Musanene kuti akubwera. Musanene kuti ankawafunafuna. Mwina ali ndi mkazi wina ndi ana asanu. Mwina nayenso wina anamuuza kuti bwato loyamba linamira, ndipo anachita sadaka yake kalekale. A Augusto aweruza mwamuna amene sanamumve, ndipo aiwala kuti Che Rukiya nawonso sakanatha kulemba kalata ngakhale akanadziwa kolembera. Zoti ukwati wakale ulipobe kapena ayi, zoti wa Lachisanu uimitsidwe kwa mwezi kapena mpaka kalekale, ndi za a shehe, eni mbumba ndi Che Rukiya mwini wake. Si zanu, si zanga. Chanu n'chakuti asankhe akudziwa.

Pa mantha a a Augusto, auzeni izi. Dzina limene lili pa disikete yanu lilinso mu ofesi ya bungwe lija, ndipo anthu a pa esiteti amabwera kwawo fodya akatha. Tsiku lina munthu adzatsika shapa pa Insaca n'kufunsa njira ya ku Amaramba. Ofesi imene inalakwitsa n'kukaulula yokha, anthu amaikwiyira mwezi umodzi. Ofesi imene inadziwa n'kukadya nawo mpunga wa ukwati, simudzaitsegulanso. Apulezidenti akakana kupita nanu, pitani nokha. Ndipo mukabwerako, funani mabanja a mayina ena atatu obiriwirawo. Kuli anthu amene uthenga wawo wagona mu disikete yanu kuyambira Meyi.

Tsopano televizau, poti nayo iyenera kukonzedwa isanaphenso wina.

Yambani ndi chophweka. Chotsani nthambo ya komputadori, mulumikize makina a filimu. Mitundu ikapanda kubwera, vuto ndi la televizauyo: tengani komando, kachipangizo kosinthira televizau muli patali, muone ngati wina sanatsitse mtundu mpaka pansi. Mitundu ikabwera, televizau ilibe mlandu, ndipo otsala ndi awiri.

Woyamba ndi komputadori. Makina ambiri ochokera kunja amabwera atakonzedwa kuti atumize chithunzi mwa njira yotchedwa NTSC, pamene televizau za kuno zimamva ya PAL. Ziwirizi zikasemphana, chithunzi chimatuluka chakuda ndi choyera, nthawi zina chikudumphadumpha. Lowani pamene mumasinthira kaonekedwe ka galasi, funani mbali ya TV, musankhe PAL. Wachiwiri ndi nthambo ya mmisiri wanu. Kabowo kozungulira ka kumbuyo kwa komputadori kamatumiza kuwala pa waya wina, mtundu pa waya wina. Munthu akalumikiza wa kuwala wokha, chithunzi chimaoneka bwinobwino, anthu n'kuomba m'manja, koma mtundu watsala m'njira. Ine ndikukayikira kwambiri tepi yakuda ija. Gulani nthambo yopangidwa kale ku Cuamba.

Kudyeka kwa m'mphepete si kuwonongeka. Televizau zimapangidwa kuti zikulitse chithunzi pang'ono kupitirira galasi, poti mu filimu palibe amasamala za m'mphepete. Mu ofesi, m'mphepetemo ndi mmene mumakhala mawu ofunika. Pa mbali ya TV yomwe ija pamakhala pochepetsera chithunzi ndi pochisunthira. Chepetsani mpaka muone ngodya zonse zinayi ndi kabatani kanu koyambira. Pakapanda kupezeka, musamatsegule tsamba kudzaza galasi lonse. Lichepetseni ndi dzanja, likhale pakati, muziona pothera pake. Za zilembo zaubweya, ikani pa 800 ndi 600 kapena kutsika apo, kulitsani zilembo, ndipo mukhale patali pang'ono. Sizidzafanana ndi monitori, ndipo maso anu adzapitiriza kukuuzani zimenezo. Mukadzapeza monitori ina, muiteteze ku jeradori ndi kabokosi kowongolera magetsi.

Mukamaliza, yesani: lembani mizere inayi, wofiira, wobiriwira, wachikasu, wabuluu, muitane munthu wa pa msika aitchule. Ndipo kuyambira lero, pa dzina lililonse pazikhala mawu, “anamwalira” kapena “ali moyo”, olembedwa ndi zilembo pambali pake. Uzaninso bungwe lija kuti moyo wa munthu asamaupachike pa utoto. Pepala lililonse lolowa mu ofesi muzilitsitsa mpaka kupitirira pothera, ngakhale wobweretsa atakuuzani nambala.

Chenjezo langa ndi ili. Musapite ku Amaramba ndi nkhope ya munthu wobweretsa uthenga wabwino. Simukudziwa ngati uli wabwino. Mayi uja analira, anatsekeredwa miyezi inayi, anatuluka, anavomera munthu amene wakhala akumufolera denga. Akhoza kukomoka, akhoza kuseka, akhoza kukuthamangitsani pakhomo, ndipo chilichonse mwa zimenezi muchilandire chipewa chili m'manja. Valani jekete lomwe lija.

Ndipo Che Adamu akakufunsani kuti zinatheka bwanji, fotokozani za nthambo ndi mitundu mwachidule, koma musanene kuti televizau inanama. Televizau sinapalase njinga kupita ku Amaramba. Itafunsidwa za nsanda, sinayankhe kuti eya.

Aphungu